Bambo a Mervis akuyankha homuweki ana asanaione

Aphungu,

Vuto langa ndi loseketsa, koma landisowetsa mtendere. Ndine mphunzitsi wa Sitandade 7 pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Muloza. Mabuku a sayansi ndi ochepa, moti ana amaunjikirana buku limodzi mpaka kugundana mitu. Ndiye ndinayamba kufufuza zithunzi zabwino pa intaneti. Ndikapeza chondisangalatsa ndimatenga sikirinishoti, n'kulembapo mafunso, n'kuponya pa gulupu ya WhatsApp ya makolo. Madzulo ana amabwereka foni za makolo awo n'kukopera m'makope.

Zinayenda bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Ana amene ankawodzera m'kalasi tsopano akulimbirana choko. Kunena zoona, ntchito yanga sinandikomerepo chonchi.

Koma pali a Americo, bambo ake a Mervis, mtsikana wanzeru kwambiri m'kalasi mwanga. Iwo amapalasa kabaza pa boda. Akamadikira makasitomala amatsegula zithunzi zangazo, anzawo n'kuwazungulira, n'kuyamba kutsutsana ngati nkhani ya mpira. Akagwirizana chimodzi, a Americo amajambula mawu awo n'kutumiza yankho pa gulupu, ana asanaweruke n'komwe. Madzulo ana amangomvera n'kulemba zomwezo.

Sabata yatha ndinatumiza chithunzi cha mtima wa munthu. Mawa lake pafupifupi kalasi yonse inalemba kuti mtima uli ndi zipinda zitatu! Nditafufuza, ndinapeza kuti galasi la foni ya a Americo linasweka pakona, ndipo chipinda chachinayi chinabisika pomwepo. Ndinaseka mpaka misozi. Koma Mervis sanaseke. Anzake akumutcha mwana wa dokotala wa kabaza, ndipo wasamukira kumbuyo kwa kalasi, dzanja sakukwezanso.

Ahedi akuti a Americo ndiwachotse pa gulupu. Ndinapita pa siteji yawo kuti ndikawauze, koma atangondiona anafuula kuti, "Bom dia, aphunzitsi! Lero mwatitengera chiyani? Inetu sukulu yanga inathera kalasi yachiwiri kutsidya kwa boda, ku Milange, nkhondo itatithamangitsa. Inu mwandibwezera pa desiki ndili pa njinga pomwe!" Ine ndinangowafunsa za kunyumba n'kubwerera.

Ndiwachotse kodi? Foni pakhomo pawo ndi yomweyo. Ndipo Mervis ndimuthandiza bwanji?

C.M., Muloza

Aphunzitsi,

Choyamba landirani ulemu wanu. Anzanu akudandaula kuti makolo sabwera n'kumisonkhano komwe, inu mwatsegula kalasi pa boda osadziwa! Inenso ndaseka, koma musawachotse bambowo. Chalakwika ndi chimodzi chokha: mwakhazika ana ndi makolo pa benchi imodzi.

Gulupu ya kalasiyo muikonze kuti wotumiza zinthu mukhale inu nokha. Foni yanu ili nayo njira imeneyo, ndipo palibe amene achotsedwe. Ana aziyankha m'makope mwawo, inu muzichonga m'kalasi.

Kenako tsegulani gulupu yachiwiri ya akabazawo ndi kholo lina lililonse lofuna. Kumeneko atsutsane mpaka batire ithe. A Americo muwapatse udindo woyang'anira, koma muwauze pamaso, muli awiri, kuti mayankho awo akufooketsa ana. Kholo limene limakonda sukulu chotero silingakane. Ahedi akaona kuti mayankho asiya kubwera pa gulupu ya ana, nkhani yochotsa munthu itha yokha.

Mervis musamuiwale, chifukwa amene wapwetekedwa ndi iyeyo. Muitanireni pambali, mumuuze kuti bambo ake sanalakwe kuganiza, chinawanamiza ndi galasi. Ngati angafune, azichonga yekha mayankho a bambo ake kunyumba. Mwana amene akuphunzitsa kholo lake sachedwa kubwerera kutsogolo. Omunyozawo muwadzudzule kamodzi, mwamphamvu, osatchula dzina lake.

Inunso muli ndi kanu kokonza. Chithunzi muzichidula bwino, chofunikacho chikhale pakati, poti mafoni ambiri a m'mudzi ndi ovulala m'makona. Muzichijambulanso pa bolodi m'mawa, chifukwa si mwana aliyense amene kwawo kuli foni. Nkhope za ana ndi malikisi awo zisafike pa gulupu.

Chenjezo langa ndi ili: ngakhale ahedi akukakamizeni bwanji, musadine batani lochotsa munthu mwakachetechete. Foni ya a Americo idzalemba kuti mwawachotsa, ndipo adzawerenga zimenezo pa siteji, anzawo onse atawazungulira kudikira phunziro latsopano.