Mpando wa Adada pa Bwalo la Mpira

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko? Ndine Lusungu wanu, ndabwera ndi nkhani za kumudzi.

Kuno tilipo. Mphepo ya ku Mzimba mukuidziwa, fumbi lili m'mano tsiku lonse. Chimanga tinakolola, sichinafike pa chanu chija koma njala sitigona nayo. Fodya adada anabzala wochepa. Ng'ombe yamawanga ija inaswa yaikazi, ndipo achemwali a Mercy anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi. Amutcha dzina lanu. Akayamba kulira amamveka mpaka kudimba, ndiye tonse tangovomereza kuti dzinalo lapita pamalo pake.

Digiri yanga ikadali m'sutikesi. Makalata ofunsira ntchito ndalemba mpaka ndatopa, ondiyankha palibe. Pakadali pano ndikuphunzitsa masamu pa kakoleji ka ntchito zamanja kaja kali m'mbali mwa msewu wochoka ku Edingeni kupita kuboma. Nditafika ndinapeza anyamata ali ndi timu ya mpira, majezi, chilichonse. Atsikana ntchito yawo inali kutunga madzi a osewera ndi kuimba kunja kwa bwalo. Ndinapita kwa akulu a pakoleji kukawauza kuti ndikuyambitsa timu ya atsikana. Iwo anati, "Madamu, maganizo abwino chomene, koma tidikire chaka chamawa." Ine mawa lake ndinali pabwalo ndi wezulo. Paja munkanena kuti ine ndinabadwa nditavala kale nsapato. Sindinasinthe, Amayi.

Mu ligi yathu muli makoleji ang'onoang'ono anayi a kuno kummwera kwa boma. Wokhala pamwamba ndiye amapita ku Mzuzu kukasewera ndime yochotsana. Matimu ena awiriwo si nkhani, tinawakwapula pafupifupi masewero onse. Adani athu enieni ndi a kufupi ndi Luwawa, ophunzira ukalipentala. Ife timawatcha a Utuchi, iwo amatitcha a Zigamba chifukwa ambiri mwa atsikana anga ndi osoka. Kwawo tinalepherana, kenaka ife tinalepherananso ndi imodzi ya matimu ena aja goloboyi wathu atadwala, ndiye iwo anatsogola. Masewero omaliza anali pabwalo lathu, ife ndi iwowo. Kufanana mphamvu sikukanatithandiza. Tinkayenera kupambana basi.

Tsopano khalani bwino, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani. Wogoletsa wanga wamkulu ndi mlamu wanga, NyaTembo, mkazi wa achimwene a Vitumbiko. Inde, yemweyo amene munamusiya ali mkamwana watsopano, wosadzutsa mutu. Achimwene anabwerera ku Joni maliro anu atangotha, ndipo chino ndi chaka chachitatu tikuwaonera pafoni. NyaTembo anatopa kukhala, nayamba kuphunzira zosoka pakoleji pathu. Tsiku lina mpira unagubuduka n'kufika pamene iye anaima ndi ndowa. Mmene anaubwezera, Amayi, ndinagwetsa wezulo. Ndinamufunsa kuti, "Mlamu, zimenezi unazibisa kuti?" Iye n'kungoseka, akuti kusekondale kwawo ku Engutwini ankasewera nambala naini, koma ng'ombe za malowolo zitapita kwawo palibe anamufunsanso za mpira.

Masewero a kutali ankasewera popanda vuto, poti kumeneko kulibe wa m'mudzi mwathu. Koma wina anamujambula ku Luwawa ali m'malere, atavala kabudula, ndipo chithunzicho chinayenda m'mafoni mpaka chinafika m'manja mwa adada.

Mwambo wake inu mumaudziwa kuposa ine, poti munachoka ku Kasungu n'kudzauphunzira ndi mawondo. Mkamwana sayankhulana ndi apongozi ake aamuna maso ndi maso. Akakumana panjira amapatuka n'kugwada patali. Miyendo yake apongozi saiona. Choncho adada sanamuitane. Anatuma ankhazi, alongo awo aja, amene kuyambira pamene munapita ndiwo akhala pakamwa pa adada. Ankhazi anafika pakhonde pa NyaTembo n'kunena kuti, "Mwana wa a Tembo, ife tinalowola mkazi, sitinalowole wothamanga. Mwamuna wako ali kutali, ndiye anthu aziti chiyani akaona ntchafu zako m'mafoni?"

Ine ndinapita kwa adada ndekha. Sindinagwade bwino, ndikuvomera, bondo limodzi lokha ndilo linafika pansi. Ndinati, "Adada, inu nomwe mumakhalira wailesi Loweruka lililonse kumvera mpira. Walakwa chiyani NyaTembo?" Adada anati, "Ine sindinaletse munthu. Loweruka ndibwera kudzaonera mpira, mbwenu."

Mudzi wonse unamva tanthauzo lake. Adada akakhala pabwalo, NyaTembo sangavule chitenje. Akanamuletsa ndi mawu ndikanakangana nawo mpaka dzuwa kulowa. Koma munthu wongobwera kudzaonera mpira ungamutsutse bwanji? Ndinaimbira achimwene ku Joni kuti ayankhule monga mwini mkazi. Anandiyankha kuti, "Lusungu, ndapota, zimenezo kambiranani konko, ine ndili pantchito." Zaka zitatu ali pantchito, Amayi.

Loweruka linafika. A Utuchi anabwera pa lole ya matabwa, akuimba kuti a Zigamba lero asokedwa pakamwa. Anthu anadzaza mpaka pa chulu. Ndiye ndinaona njinga ya adada ikubwera pang'onopang'ono, pa kaliyala atamangapo mpando wopinda umene achimwene anawatumizira. Anautambasula m'mbali mwa bwalo, moyang'anana ndi mzere wapakati penipeni, n'kukhala, chipewa pa bondo. Ankhazi anayala chitenje chapafupi.

Kuseri kwa kalasi kumene atsikana ankavalira, NyaTembo anali atavala jezi ndi nsapato, koma chitenje chili m'chiuno mpaka mu akakolo. Ine mtima unali utakwera kale. Ndinati, "Mlamu, ukakhala pansi lero, ukhala pansi moyo wako wonse." Anandiyang'ana modekha n'kunena kuti, "Iwe mawa upeza ntchito ku Lilongwe, uchoka. Ine adzandiika m'mudzi muno." Digiri yonse ija, Amayi, pamenepo sinandithandize. Ndinalemba dzina lake pa osewera apabenchi, ndipo tinayamba popanda iye.

A Utuchi sanachedwe. Ali ndi mtsikana wina wamtali ngati mtengo wa paini, ndipo pa kona yawo yachiwiri anangoweramitsa mutu, mpira uli mu ukonde. Ochemerera awo anavina mpaka kulowa m'bwalo. Atsikana anga ankathamanga, koma akafika kutsogolo ankayang'ana kubenchi m'malo moyang'ana golo. Ine ndinakuwa mpaka mawu anatha. Ndinayang'ana adada, ali phee, ngati ali m'tchalitchi.

Chigawo choyamba chitatsala pang'ono kutha, NyaTembo anaimirira. Sanandiuze kanthu. Anayenda m'mbali mwa bwalo, chitenje chili m'chiuno, mpaka anafika chapatali ndi mpando uja, pa mtunda woyenera ndithu. Anagwada mawondo onse awiri, nkhope kumbali, n'kuomba m'manja mwaulemu. Anthu a mbali imeneyo anasiya kuonera mpira. Ndiye anayankhula, osati kwa adada, koma kwa ankhazi, monga mwambo ufunira: "Ankhazi, ndapota, awuzeni adada kuti ndikuvula chitenje."

Amayi, adada anaiwala chinthu chimodzi. Mwambowu sumanga mkamwana yekha. Ngati mkamwana sayenera kuonetsa miyendo, apongozi nawonso sayenera kuiyang'ana, makamaka atachenjezedwa anthu akumva. Bambo wopenyetsetsa mkazi wa mwana wake, manyazi amakhala ake, ndipo mudzi sungaiwale. NyaTembo anadikira pang'ono, kenaka anaimirira n'kugwira mfundo ya chitenje.

Adada akanatha kukwera njinga n'kumapita, koma inu mumawadziwa, kuchoka kukanakhala kugonja. Anadzuka, ananyamula mpando, anautembenuza, n'kukhalanso, nkhope kuyang'ana kumunda wa chinangwa, msana ku bwalo. Chitenje chinagwa. NyaTembo anachipinda bwinobwino, anachiika pafupi ndi ankhazi, n'kuti, "Yewo, ankhazi." Kenaka anatembenukira kwa ine: "Kochi, ukudikira chiyani?"

Ndinakumbuka zimene munkanena mukamadzola mafuta madzulo, zoti mawondo anu anathera m'mudzi muno. Munkanena moseka, ife n'kumaseka nanu. Tsiku limenelo sindinaseke.

Chigawo chachiwiri chinali cha munthu mmodzi. A Utuchi anamuikira atsikana awiri, iye ankawadutsa ngati akuzemba zitsa. Poyamba anathamanga kumapeto n'kuponyera Chimwemwe, kamtsikana kophunzira zowotcherera, ndipo iko kanangokankhira mu golo. Tinafanana. Pamenepo a Utuchi anabwerera onse kumbuyo, poti iwo kufanana kunkawakwanira. Mpira ukatuluka ankautaya kuchinangwa, goloboyi wawo ankagona pansi ngati wabayidwa. Nthawi inkatha. Ndiye tinapeza kona. Wamtali uja analumpha, koma NyaTembo analumpha patsogolo pake.

Phokoso lake sindingalilembe. Amayi ogulitsa zitumbuwa anataya beseni. Adada anakhalabe chofulatira, koma a Mhone, anzawo aja ogulitsa nzimbe, anandiuza pambuyo pake kuti adada anawakoka thalauza n'kufunsa, "Wachinya ndani?" A Mhone anati, "Mkamwana wanu." Adada anafunsanso chapansipansi, "Ndi mutu kapena ndi mwendo?" Woyimbira atamaliza, anadikira mpaka ankhazi atawauza kuti chitenje chavalidwa, ndiye anapinda mpando n'kupita osayang'ana munthu.

Ndiye tikupita ku Mzuzu, Amayi, Loweruka likubwerali. Sindikunamizani, mwayi wathu ndi wochepa. Tikukumana ndi koleji yaikulu ya m'tauni, ya atsikana odya katatu, aliyense nsapato zakezake. Ife goloboyi ndi wamfupi, otseka kumbuyo amatembenuka ngati ngolo, ndipo atatu amabwerekana nsapato. Anthu akuti tikukangoona tauni. Anenenso. Ankanenanso kuti atsikana a kuno sangathe mphindi makumi asanu ndi anayi.

Kunyumba zinthu sizinazizire. Adada sanandiyankhule kuyambira tsiku limenelo. Ndikawapatsa moni amayankha nkhuku zimene zili kumbuyo kwanga. Dzulo ankhazi anabwera ndi mauthenga awiri. Woyamba unali wa NyaTembo: adada akuti ku Mzuzu n'kutali, msana wawo sungalole ulendo. Sananene kuti apite, sananene kuti asapite. NyaTembo anaomba m'manja, n'kulowa m'nyumba kukachapa jezi.

Wachiwiri unali wanga. Akuti ine ndiye ndinasokoneza mkazi wa eni, ndinachititsa adada manyazi pagulu, choncho ndigwire tambala ndikapepese pamaso pa akuluakulu. Ankhazi anachita kundinyengerera: "Mwana wa mlongo wanga, ndi nkhuku chabe. Pereka, nkhani ithe." Mwina inunso mukanandiuza chimodzimodzi, kuti pakhomo pakhale mtendere. Ndaganiza usana wonse ndikupalira pa manda anu, ndipo yankho langa ndi lomwe ndinawapatsa ankhazi. Ndikapereka tambalayo ndiye kuti ndavomera kuti panali cholakwa. Ndipo ngati panali cholakwa, ndiye kuti analakwa ndi NyaTembo, amene anagwada, anaomba m'manja, anachenjeza, osaphwanya kanthu ngakhale kamodzi. Chaka chamawa mkamwana wina akadzafuna kusewera, adzamuuza kuti, uja wa a Tembo anachita kulipiridwa nkhuku. Ayi. Adada ndimawakonda, madzi osamba ndiwatenthetsera, zovala ndiwachapira, ndipo moni ndiwapatsabe mpaka adzatope kuyankha nkhuku. Koma kupepesa sindipepesa.

Ngati mwakwiya nane, kwiyani, ndazolowera. Koma ndikulonjezeni ichi, Amayi: tambala akhala m'khola, ndipo Loweruka ku Mzuzu dzina loyamba pa pepala langa likhala la mkamwana wanu. Pabenchi sakhalanso.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani chomene.

Mwana wanu wosamva uja,
Lusungu