Matambala Khumi pa Mphindi

Chibanja,
Mzuzu.
23 Juni, 1991.

Okondedwa alamu anga, amayi a Fyson,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ku Ndirande kumeneko. Kodi chifuwa chija munkadandaula m'kalata yanu ya mu Epulo chinatha? Nanga Winifred sukulu ikumuyendera bwanji? Ife kuno tilipo. Marjorie ali bwino, ana ali bwino, kungoti chisanu chaka chino chabwera ndi ukali. Nkhungu imakhala mpaka cha m'ma teni koloko ndipo zovala zikugona masiku awiri pachingwe osauma.

Fyson ali moyo, akudya, akuyankhula. Ndatsogoza mawu amenewa kuti mtima wanu ukhale pansi, chifukwa zotsatirazi si zabwino. Wavulala bondo lakumanja. Kalata ino ndi yachitatu. Ziwiri zoyamba ndang'amba chifukwa zimamveka ngati walemba ndi munthu wosalakwa.

Mukukumbuka kuti pa maliro a achimwene anga a Amon ndinalonjeza kuti mwanayu ndimutenga ndipo ndimupezera ntchito. Ndinakulemberani kuti ndi kalaliki ku kampani ya matabwa. Papepala analembedwadi kalaliki. Koma zoona zake n'zakuti ntchitoyo anaipeza chifukwa cha kutalika kwake. Kampaniyo ili ndi timu ya basiketibolo yotchedwa Macheka, ndipo anyamata a m'timuyo amalembedwa ntchito kuti azisewera. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu Fyson amasenza matabwa kukweza m'malole. Akaweruka hafu folo amapita kukaphunzira mpira pa bwalo la simenti long'aluka. Loweruka ndi masewero, ndipo nthawi zina Lamulungu m'mawanso. Mlembi wa timu imeneyi ndine. Anandisankha chifukwa ndine mphunzitsi wa digiri ndipo pamsonkhano sinditsutsa munthu.

Kuti mumvetse zimene zachitika muyenera kuwadziwa masapota athu. Lamulungu lililonse masana amasonkhana ku Katawa, kuseri kwa golosale ya a Blackson, amene ndi wapampando wawo komanso ali m'komiti ya timu. Kumeneko kuli vidiyo ndi tepi imodzi ya mpira wa ku Amereka, imene anasiya mzungu wina amene tinkaphunzitsa naye. Tepiyo inatha kalekale, anthu amaoneka ngati akusewera mumvula, koma amaionerabe. Mzunguyo anasiyanso magazini akale, ndipo wowawerengera ndi kuwamasulira ndine.

M'magaziniwo ndi mmene tinamva kuti akatswiri a kumeneko amasewera masewero makumi asanu ndi atatu kudza awiri pachaka, ndiponso kuti kuli lamulo loika malire pa ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi. Alamu, mukanawaona. Amuna akuluakulu, ena a imvi, misempha ya m'khosi ili njo, kulimbana za malipiro a munthu amene sadziwa n'komwe kuti Mzuzu ali kuti. A Blackson amati ndi nkhanza, ana a eni akuphedwa ndi ntchito, ayenera kupumitsidwa. A Percy, okonza mawailesi kumsika, amati wolandira mamiliyoni alibe ufulu wotopa, afere pabwalo pomwepo. A Blackson amawatcha a Percy mfiti yopanda chisoni. A Percy n'kubweza kuti inu a Blackson musatiphunzitse mpira, ring'i yogoletseramo mpira munaikhudzapo kamodzi kokha, mutakwera makwerero popenta.

Chifukwa chake amakuwa chotere ndimachimvetsa. Ndi nkhani yokhayo imene munthu angakwezepo mawu osayamba wacheuka. Pamenepo sindiwonjezera.

Chaka chatha mkangano umenewu unafika pa timu yathu. Kampani imapereka kandalama ka alawansi pa masewero alionse, ndipo kale anyamata onse khumi ndi awiri ankagawana mofanana. Masapota anati si chilungamo kuti wofunditsa benchi adye chimodzimodzi ndi wokhetsa thukuta. Ndiye anatembenukira kwa ine, amvekere aphunzitsi, inu munapita ku Zomba, tikonzereni lamulo langati la ku Amereka. Ine ndinakomedwa. Chibwerere kuno kuchokera kumwera mu 1989, pamene aphunzitsi a kumpoto tinabwezedwa kwathu, panalibe amene anandipemphapo nzeru pa chilichonse.

Ndinakhala pansi n'kulemba mfundo ziwiri. Yoyamba, munthu azilandira matambala khumi pa mphindi iliyonse imene wakhala m'bwalo. Yachiwiri, wojomba masewero atatu otsatizana achotsedwe m'timu. Ndipo wochotsedwa m'timu ntchito yamutheranso, popeza anailowera mpira. Mfundo yachiwiriyo ndinaiika pofuna kuthana ndi anyamata awiri oledzera. Za ovulala sindinaganize. Zaka zinayi ku yunivesite, alamu, osakumbukira kuti munthu ali ndi mawondo.

Wotchi ndimagwira ndine, patebulo la pambali pa bwalo. Chiyambire lamulolo palibe mnyamata amene amavomera kutuluka. A Ackim, mphunzitsi wa timu, akamukodola munthu kuti adzapume, iye amayang'ana kumbali ngati sakuwaona. Wina anasanza pakati pa bwalo, n'kupukuta pakamwa ndi jezi, n'kupitiriza kuthamanga. Masapota anawomba m'manja, akuti ndiwo mtima umenewo. Fyson, popeza ndiye wamtali komanso wogoletsa kwambiri, amasewera mphindi zonse makumi anayi, masewero alionse. Ndalama zija amakutumizirani za fizi ya Winifred, zambiri zimachokera pamenepo. Sindikunena izi kuti mudziimbe mlandu. Inu simunkadziwa. Ine ndinkadziwa.

Kumayambiriro kwa mwezi uno bondo linayamba kutupa. Anaona ndi Marjorie, atamupeza m'mawa kuseri kwa nyumba akulithowa ndi madzi otentha. Anamukakamiza kupita kuchipatala. Dokotala anamulembera kapepala kuti apume masabata asanu ndi limodzi, asadumphe, asanyamule zolemera. Fyson anabwera nako kwa ine. Anati bambo, inu ndinu mlembi, mukawaonetse a komiti, ine sangandimvere koma inu akumverani.

Ndinapita nako ku Katawa Lamulungu pa 9, kali m'thumba la jekete. A komiti onse anali pomwepo. Ndinawapeza ali pa nkhani yomwe ija ya ku Amereka, a Blackson atatsala pang'ono kugwetsa misozi chifukwa cha katswiri wina wa m'magazini amene anamuseweretsa ali ndi bandeji. Mumtima ndinati mpata ndi umenewu. Ndinayamba motsitsa mawu, kuti nanga wathuyu Fyson, bondo likumuvuta, bwanji atapumako pang'ono.

Nkhope zinasintha nthawi yomweyo. A Blackson omwe aja anati aphunzitsi musatiseketse, mwana uja ngwankhongono chomene, ali ndi mphamvu, bondo la mnyamata limapola ndi kuthamanga. A Percy anati iyeyo ndi amene akudya alawansi yonse, anzake akungonyambita milomo pabenchi, lero akufuna kudwala? Wina kumbuyo anakuwa kuti ana a ku Blantyre ndi mazira, anakulira buledi ndi tiyi wamkaka. Onse anafa nacho chiseko. Kenaka a Blackson anandiloza, n'kufunsa kuti lamuloli si lanu lomwe kodi, kapena mwayamba kulipinda chifukwa lakhudza mwana wa m'nyumba mwanu?

Mawu amenewo ndi amene anandimanga. Dzanja linali kale m'thumba, zala zitagwira kapepala kaja. Ndinalitulutsa lopanda kanthu. Ndipo ndinaseka nawo, alamu. Nditafika kunyumba Fyson anafunsa kuti akuti bwanji. Ndinati akuti uyesereko kaye Loweruka, tione mmene zikhalire. Iye anangoti yewo, bambo.

Loweruka pa 15 tinasewera ndi timu yochokera ku Lilongwe. Dzina lake pa pepala la osewera ndinalemba ndine. Chigawo choyamba anasewera chotsimphina koma ankagoletsa, anthu akuimba dzina lake. M'chigawo chachiwiri anadumpha kulanda mpira pa ring'i, ndipo potera phazi linaponda pa mng'alu wa simenti, bondo n'kupindikira kumene silipindikira. Kukuwa kwake kunamveka mpaka kumsewu. Chinthu choyamba chimene ine ndinachita chinali kuyang'ana wotchi ndi kulemba kuti mphindi makumi atatu ndi imodzi. Kenaka ndi pamene ndinadzuka.

Tikumunyamula kupita naye kugalimoto ndinamva a Percy akuuza mnzawo kuti mphindi zisanu ndi zinayi zokhazo akanatha kupirira, watitayitsa masewero. Mawa lake a Blackson anabwera kuchipatala ndi phava la nthochi, n'kumamusisita mutu, amvekere mwana wathu, chira msanga, pa 6 Julaye tikudalira iwe. Ndinatuluka panja chifukwa sindikanatha kuwayang'ana, ndipo sindikanathanso kuwadzudzula. Ndiwadzudzule ndine yani?

Dokotala anandifunsa ngati kapepala kake kaja sikanafike kwa eni timu. Ndinati kanafika kwa ine. Akuti mtsempha wa m'bondo wang'ambika koma sunaduke. Akapuma miyezi itatu adzayenda bwinobwino. Akadumphanso usanapole, adzatsimphina moyo wake wonse.

Tsopano vuto lili apa. Dzulo wajomba koyamba. Pa 29 ajomba kachiwiri. Kachitatu ndi pa 6 Julaye, masewero a chikondwerero cha Ripabuliki, pamaso pa akuluakulu a boma ndi a chipani. Akapanda kulowa m'bwalo tsiku limenelo, lamulo langa limuchotsa ntchito. Fyson wawerengera yekha masikuwo. Akuti adzamanga mabandeji awiri n'kulowa mphindi zisanu zokha, kuti Winifred asalephere kulowa Fomu 4. Ine anthu aja ndimawadziwa. Akangolowa sadzamulola kutuluka, ndipo iyenso akamva dzina lake likuimbidwa sadzafuna.

Lachinayi ndinamuululira za kapepala kaja, kuti a komiti sanakaone. Anayamba kusewera ndi ndodo yake yoyendera. Kenaka anati zilibe kanthu bambo, ndikanasewerabe. Kukanakhala bwino akananditukwana.

Ndinapempha a komiti kuti tisinthe lamulolo, tiikemo mawu okhudza ovulala. Anandikumbutsa mwaulemu kuti malamulo amasinthidwa pa msonkhano wa pachaka mu Disembala basi, ndipo amene analemba zimenezonso ndine.

Chatsala m'manja mwanga n'chimodzi. Pepala la osewera silivomerezedwa popanda mlembi kusaina. Ndawauza a Ackim kuti dzina la Fyson sindilemba. Iwo anapumira m'mwamba n'kunena kuti yewo, koma ndisawatchule. A Blackson atamva anabwera kusukulu Lachisanu, n'kundiitanira pambali akumwetulira. Anati aphunzitsi, ine ndikungokuchenjezani ngati mbale, kubisa katswiri pa tsiku la Ripabuliki anthu ena akhoza kukumva molakwika, makamaka wobisayo akakhala mphunzitsi. Tanthauzo lake mukulidziwa. Munthu amene amalirira osewera a m'magazini ndi ameneyo.

Alamu, ine ndimadzidziwa. Pano ndikulemba molimba mtima chifukwa ndili ndekha patebulo, anthu onse ali ku Katawa. Koma pa 6 akadzandizinga, uyu akuseka, uyu akundigwira paphewa, wina atandiikira kale pepalalo patsogolo, sindingalumbire kuti sindidzasaina. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndine munthu wina, koma ndakunamizani kokwanira.

Choncho ndikukupemphani kuti mubwere. Kwerani basi ya Lachinayi pa 4, ndalama ya ulendo ndaika m'kalata muno pa positi oda. Mudzamuuze Fyson ndi pakamwa panu kuti ndalama ya bondo lake simukuifuna. Ine ndamuuza, Marjorie wamuuza, koma akuyembekeza kumva kwa inu. Fizi ya Winifred tagwirizana ndi Marjorie kuti tisenza ife. Ntchito ya matabwayo ikatha ithe, mnyamata wa miyendo iwiri adzapeza ina.

Pempho lachiwiri ndi lochititsa manyazi kwa munthu wa zaka makumi anayi, koma ndinena. Loweruka limenelo mudzapite nane kubwalo, mudzakhale kumbuyo kwa tebulo langa, pamene ndingakuoneni ndikacheuka. Simuyenera kudzayankhula ndi aliyense. Pamaso pa mayi wake dzina la Fyson sindingalilembe.

Fyson sakudziwa kuti ndakulemberani. Marjorie akupereka moni wambiri, akuti musaiwale juzi ndi masokosi. Mundiperekere moni kwa Winifred, mumuuze alimbikire mayeso asade nkhawa, komanso kwa azichemwali anu ndi onse a pakhomopo. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino pamsewu wautaliwu.

Za chikhululukiro sindipempha m'kalata ino. Mudzaone kaye chimene ndidzachite pa 6.

Ine mlamu wanu,
Overtoun