Tsitsi la Habiba

Lolemba, 13 Julaye 1992, ku Liwonde

Maikulowevu, uvuni yamagetsi ya mu labu, yayamba ntchito. Alhamdulillah! Kale kusungunula tsitsi linali tsiku lathunthu: kuwiritsa pachitofu, utsi wa asidi m'maso, zina kuuluka ndi nthunzi. Lero iyayi. Katsitsi pang'ono m'kabotolo ka tefuloni (pulasitiki yosadyeka ndi asidi), asidi wa naitiriki, chivindikiro kumanga nga! n'kulowetsa. M'katimo nthunzi ilibe kothawira, imapanikizana mpaka asidi adye zonse. Kuziziritsa, kutsegula. Madzi okhaokha, ngakhale kanyenyeswa.

Makina owerenga zinki ndi ayironi sadziwa tsitsi, amadziwa madzi. Ndiye ntchito yanga ndi imeneyi: tsitsi la ana a m'midzi kulisandutsa madzi, tione chimene chikusowa m'matupi mwawo. A Wyson, abwana anga, anaunika kabotolo pawindo n'kuti, "Zaina, dzanja muli nalo." Ngati sindidziwa.

Lamulungu, 19 Julaye

Ku Nkaya, kwa achimwene a Swaibu. Chilala chawapweteka. Nkhokwe pululu. Habiba, mwana wawo, sakundisangalatsa. Sakukula, tizilonda m'mbali mwa kamwa, phala amangolitembenuzira nkhope. Koma pondiona anathamanga, n'kundikwera pamsana ngati kale.

Ndinamudula katsitsi kunkhongo, kochepa ngati ndevu za chimanga chimodzi. Achimwene anavomera. Alamu a Binti anali kumjigo, sindinawadikire, sitima inali pafupi. Ndiziyeza ana a eni ake, wathu yemwe osamuyeza?

Lachiwiri, 21 Julaye

La Habiba ndalitsuka ndi asetoni wochotsa mafuta, kenako madzi osefa, kuumitsa, kusungunula. Lasungunuka bwino kuposa onse. Zinki wochepa kwambiri. Ndimadziwa ine! A dokotala a pulojekiti akuti mapiritsi alipo. Mwana uyu achira, ndipo adzadziwa kuti azakhali ake sanapite kusukulu kukasewera.

Lachinayi, 23 Julaye

Achimwene atulukira kuntchito, fumbi mpaka m'nsidze. A Binti anaona kadazi kaja pomusambitsa mwana, ndiye tsiku lomwelo mwanayo thupi kutentha. Nkhani yafika kwa Che Bakari, mjomba, malume awo a Binti, mwini mbumba. Akuti tsitsi la mwana silipita kwa anthu, limakwiriridwa pakhomo. Libwerere. Likapanda kubwerera, a Swaibu anyamule zawo. Paja ndi mkamwini.

Ndinaseka. Achimwene sanaseke. "Ndipatse tsitsilo, Zaina, ndizipita." Ndinawaonetsa kabotolo. Anakhala pansi pakhonde pomwepo, chipewa m'manja. Chifundo chinandigwira, koma ndinakwiyanso. Banja lithe chifukwa cha katsitsi? Ndipita ndekha. Munthu ukamufotokozera bwino amamva.

Loweruka, 25 Julaye

Sanamve.

Ndinagwada, ndinapereka salamu, ndinafotokoza m'Chiyao chabwinobwino. Che Bakari anagwedeza kabotolo, anafuna kununkhiza, ndinawaletsa. Mawu awo akundilirabe m'khutu: "Awa ndi madzi, mama. Tsitsi mwapatsa ndani?" Akuganiza kuti ndinaligulitsa kwa anthu a zitsamba. Ine! A Binti maso pansi nthawi yonseyi, ngakhale madzi akumwa osandipatsa. Habiba ali m'nyumba, akuti wagona.

Mtima unaphulika, koma ndinaugwira. Ndinangoti mawu anga asiyeni, bwerani ku Liwonde mudzaone ndi maso. Anati abwera. Achimwene anandiperekeza mpaka kusiteshoni. Awonda m'masiku ochepa omwewa.

Lolemba, 27 Julaye

A Wyson alola, bola mlendo asagwire kanthu. Timabotolo ndatsuka kawiri. Magetsi okha asandichititse manyazi, zina zonse zili m'manja mwanga.

Lachitatu, 29 Julaye

Che Bakari abwera. Mkanjo woyera, kofiya, ambulera. Pakhomo la labu anafuna kuvula nsapato, ndinati iyayi, muno pansi ndi poopsa.

Ndinatenga sizasi kuti ndidule langa. Anandigwira dzanja. "Lanu mukhoza kugwirizana nalo." Anadula ndevu zawo okha, n'kuika okha pasikelo. Mdala wochenjera, ndamukonda pamenepo.

Asidi, chivindikiro, kulowetsa. Maso awo pagalasi osaphethira, timabotolo tikuzungulira. Nthawi yoziziritsa anakana mpando, anaima pomwepo kuti wina asasinthe. Potsegula, utsi wofiirira wa asidi fuu! kukwera m'chumuni. Anabwerera m'mbuyo, "Astaghfirullah." Kenako ndinawaonetsa. Madzi.

Anaunika nthawi yaitali. Anafunsa ngati zonse zili momwemo. Ndinati chivindikiro chija ntchito yake ndi yomweyo, kuti zimene tikuyeza zisathawe. Koma sindinabise: pa madzi a Habiba, makina anamwako pang'ono n'kuotcha pamoto wake. Anaganiza, kenako anati chopsa palibe angachitole. Ndinathiramo soda pang'onopang'ono kuti asidi afe, asapse nawo manja. Anatenga timabotolo tonse tiwiri, kawo ndi ka mwana, n'kukulunga m'mpango. Akuti ndibwere Lachisanu akaweruka ku Juma kumzikiti.

Ndapambana. A Wyson akuti ndikanakhala loya. Lero ndidya nyama.

Lachinayi, 30 Julaye

Mapiritsi ndatenga. Usipa, mtedza, ndi kadiresi kofiira ndinaona pamsika. Achimwene sachokanso pamudzi paja, ndikulumbira.

Lachisanu, 31 Julaye, m'sitima

Akwirira kuseri kwa nyumba. Kadzenje kakang'ono, Che Bakari kuthira madzi aja okha, pemphero la duwa lalifupi, a Binti kufotsera ndi manja. Kutentha thupi kunali malungo, anatha Lolemba ndi kolorokwini.

Chigamulo: a Swaibu akhale, mlandu watha. Achimwene anapukuta nkhope ndi chipewa, ine ndinayang'ana kumbali kuti asachite manyazi. Mapiritsi alandira, ndawauza kamwedwe kake, a Binti anabwereza bwinobwino. Usipa alandira. Diresi alandira.

Kenako Che Bakari anatembenukira kwa ine, mwaulemu ndithu. Akuti sindine wabodza, aona okha. Koma dzanja lodziwa kusandutsa tsitsi la munthu madzi lisagwirenso mwana wa mbumba yawo. Kubwera ndizibwera, kudya ndizidya. Kumunyamula iyayi.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, mayankho ndinali nawo ambiri. Achimwene anandiyang'ana. Ndinatseka.

Potsanzika Habiba anatuluka m'nyumba atavala kale kadiresi kaja, n'kuthamanga manja m'mwamba, "Azakhali!" A Binti anamugwira kumsana. Ine manja ndinabisa m'chitenje, ndinamuuza kuti wakongola. Analira mpaka ndinakhota pa mjigo, ndipo ndinkamumvabe.

Lolemba kuli masampulo a ku Rivirivi. Nditsuke timabotolo, ndiitanitse asidi.