Mpando wa Pawindo

Lolemba, 8 Juni

Kwatsala masiku 26 kuti tikwatirane, ndipo mpaka lero sitinasankhe chilumba chokapumulako ukwati ukatha. Ine amene ndimakonzera anthu maulendo tsiku ndi tsiku, ulendo wanga wandikanika. Abwana andiseka lero, akuti kasitomala wovuta kuposa onse mu ofesi muno ndi ine.

Zatsala ziwiri. Chachikulu: ndege imatera pomwepo, hotela ya nsanjika zinayi, dziwe losambiramo, msika waphokoso. China ndi Cha Akamba (dzinali ndinapereka ndine): ukatsika ndege ukwerenso boti maola awiri, tinyumba khumi ndi tiwiri tokha, magetsi a dzuwa, ndipo miyezi ino akamba a m'nyanja amatuluka kudzaikira mazira pamchenga. Konse ndasungitsa chipinda. Andipatsa mpaka Lachisanu masana, ndikapanda kutsimikiza apereka kwa ena.

Mtima wanga uli kwa Akamba, koma ndikufuna bwenzi langa, Wamagetsi wanga, asankhe naye. Ndamuonetsanso zithunzi madzulo ano. Wangoti, "Iwe ndi amene umadziwa zimenezi, kulikonse kuli bwino." Miyezi iwiri yankho lomwelo. Ndamuyamba nthabwala kuti akuopa Cha Akamba chifukwa kulibe waya woti akakonze, akangokhala manja lende. Waseka, koma kuseka kwa mano okha.

Kale sanali chonchi. Mu Januwale pamene ndinkamulembera fomu ya pasipoti, ankandifunsa ngati madzi a nyanja yaikulu ali ndi mchere weniweni, ankati akalawa yekha ndi supuni. Munthu sanakwerepo ndege chibadwire.

Ndamuuza kuti mawa abwere ndi pasipoti.

Lachiwiri, 9 Juni

Wayiwala, akutero. Akuti atumiza fotokope ya tsamba loyamba, "si ndi lomwe likufunika lokhalo?" Ndati eya.

Telala wachepetsa diresi m'chiuno. Akuti ndisiye kuonda, iye watopa kusokanso.

Lachitatu, 10 Juni

Sindikudziwa poyambira.

Cha m'ma 10 alowa alamu, mlongo wake wa Wamagetsi. Akuti achimwene awo ali kuntchito kutali, anawatuma atenge pasipoti mu sutikesi, akaijambulitse tsamba loyamba, andibweretsere pepala. Kumene anapita makina analibe inki. "Ndiye ndinati, ofesi ya alamu ili ndi makina ake, ndivutikirenji?" Andipatsa pasipoti yeniyeniyo.

Zaka zisanu ndi chimodzi pa desiki iyi, pasipoti ikafika m'manja mwanga zala zimagwira zokha ntchito. Dzina. Tsiku lothera. Masamba opanda chidindo, akhale awiri kapena kuposa. Sindinkafufuza kanthu, Mulungu ndi mboni. Ndinkacheza ndi alamu za nsapato za operekeza, zala zikutsegula masamba.

Tsamba 7. Viza yomata bwinobwino, nkhope yake ili pomwepo. Ya ntchito, zaka zitatu, dziko la kutsidya kwa nyanja. Anaipereka pa 9 Epulo. Kumapeto kwa bukulo kuli pepala la tikiti lopinda kanayi. 25 Juni. Ulendo wopita wokha.

Ukwati ndi pa 4 Julayi.

Ndinawerenga kawiri ngati ya kasitomala, kufunafuna pamene alakwitsa. Palibe cholakwika, aliyense amene anakonza anagwira ntchito yabwino.

"Alamu, izi mumazidziwa?"

Anayang'ana tsambalo, kenako ine, nkhope yonse kugwa. "Ndimayesa anakuuzani kale, alamu. Anati akuuzani yekha. Ndimayesa mwagwirizana zosintha tsiku."

Ndinaika pasipoti mu dirowa, pamodzi ndi sitepula, n'kukhoma. Ndinawathokoza alamu pobwera. Kenako ndinathandiza bambo wina wofuna kusintha tikiti ya mwana wake, mpaka ndinamwetulira. Ndinakalirira ku toileti nthawi ya nkhomaliro, mpopi nditatsegula.

Lachinayi, 11 Juni

Wandiimbira ka 17. Sindinayankhe. Masana wabwera yekha, atavala ovolosi, tinakaima pa masitepe akumbuyo, pafupi ndi bokosi la magetsi limene ankakonza tsiku limene tinadziwana. Ndinaliyang'ana bokosilo nthawi yonse kuti ndisamuyang'ane iye.

Akuti anafunsira ntchitoyo chaka chatha, mongoyesa. Akuti mu Epulo atamuyankha anawapempha kuti adzayambe mu Ogasiti, anakana. Anapemphanso, anakananso. Kampaniyo silola kupita ndi mkazi, amakhala amuna asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi. Tchuthi choyamba ndi pakatha chaka ndi theka.

"Ndinkafuna ndikuuze zitatheka kusintha tsiku, kuti usadandaule pachabe."

"Ndipo atakana kachiwiri?"

Anakanda mutu. Ndinafunsanso:

"Unkafuna undiuze liti? Pa 24?"

"Tsiku lililonse ndinkabwera nditakonzeka. Ndikafika ndikupeza watambasula zithunzi za zilumba pa tebulo, ukusangalala. Pakamwa pankangouma."

Ndiye vuto ndi zithunzi zanga. Miyezi iwiri munthu atakhala pa mpando wanga, akumwa tiyi wanga, ine ndikumufunsa ngati akufuna chipinda choyang'ana kotulukira dzuwa kapena kolowera. Iye tikiti ina ili mu sutikesi. Ntchitoyo sindikuida ayi, ndikudziwa mmene wavutikira ndi timaganyu ta apa ndi apo. Akanandiuza mu Epulo ndikanalira sabata imodzi, kenako ndikanamugulira jekete. Chimene chikundiwawa ndi kundisiya ndikuvina ndekha nyimbo itazima kalekale.

Za pasipoti sanafunse. Inenso sindinatchule.

Lachisanu, 12 Juni

11:30 ndinalembera mahotela onse awiri kupempha sabata ina. Chifukwa chake sindikuchidziwa. Chachikulu ayankha mzere umodzi, alola. Mayi woyang'anira tinyumba ta kwa Akamba walemba kalata yonse. Akuti watisungira kanyumba nambala 9, kotsiriza, kopanda oyandikana nawo. Akuti akamba ayamba kale kubwera. Akufunsa ngati mwamuna wanga amadya nsomba.

Ndayankha kuti amadya.

Loweruka, 13 Juni

Ndawauza amayi. Anali akusita nsalu za pa matebulo a ukwati. Anaimika ayironi, anakhala pansi, anadzukanso.

"Makadi tinagawa onse. Azakhali ako apempha kale tchuthi kuntchito."

"Ndikudziwa, amayi."

"Pasipotiyo ili kuti?"

"Mu dirowa, ku ofesi."

"Bwera nayo kuno. Ndiika pansi pa sutikesi yanga, kiyi ndimanga m'chiuno. Tione ngati ndege imanyamula munthu chifukwa cha nkhope yokongola."

Ndinaseka koyamba chiyambire Lachitatu, kuseka kosakaniza ndi mamina. Koma amayi sankaseka. Akuti akaphonya ulendowo akwiya mwezi umodzi, kenako aiwala, amuna ndi otero. Akuti pa 4 aimirira kutsogolo atavala suti, pa 6 tili pa boti.

Zoona zake, ndaziganizira tsiku lonse. Pasipoti yatsopano sangaipeze m'masiku khumi ndi awiri, viza ndiye osanena. Ine ndikudziwa bwino zimenezo kuposa aliyense. Kakiyi kakang'ono kali m'chikwama changa, ndimangokagwiragwira.

Nsalu imodzi yapsa pakona. Amayi akuti imeneyo tiika pa tebulo la akuchimuna.

Lamlungu, 14 Juni

Sindinatuluke. Diresi lili pa chitseko, ndaliphimba ndi shiti.

Lolemba, 15 Juni

Uthenga wake 7 koloko m'mawa: "Cha Akamba. Ndasankha. Tidzapita pa tchuthi changa choyamba, ndikulonjeza."

Lero ndiye wasankha! Miyezi iwiri ndikumunyengerera ngati mwana wokana mankhwala, lero pamene kusankhako sikumutengera kalikonse, ndi pamene watsegula pakamwa. Ndinafuna kuponya foni kukhoma. Ndinakumbuka kuti ndi iye anaikonza chaja.

Choipa kwambiri n'chakuti wasankha chimene ndinkafuna. Ankadziwa nthawi yonseyi.

Kuntchito kunabwera achinyamata awiri okwatirana mu Seputembala, akukangana pa desiki yanga. Mkazi akufuna mapiri, mwamuna akufuna nyanja. "Iwe sudziwa ndi kusambira komwe!" "Ndikaphunzira konko!" Ndinkawasirira mkangano wawowo. Abwana anandiyang'ana, anabwera n'kuwatenga kupita nawo pa desiki yawo. Sanandifunse kanthu. Pochoka anandisiyira masikono awiri pa kiyibodi.

Lachitatu, 17 Juni

Ndatsegula dirowa. Pa chithunzi wavala malaya abuluu amene ndinamusitira m'mawa wa tsiku lojambulitsa. Ndinamuuza kuti asamwetulire, saloleza, ndiye anaumitsa nkhope ngati wapolisi. Nditamulembera fomu anandipsompsona pamutu, anati ndamutsegulira dziko lonse. Sananame.

Ndinalowetsa nambala ya tikiti yake mu kompyuta, kungoona. Kampani yake inagula tikiti koma mpando sinasankhe. Akapita choncho amuika pakati, kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi toileti, maondo atapanikizika maola asanu ndi anayi. Ndi kutalika kwakeko. Sadziwa n'komwe kuti munthu amasankha mpando.

Kenako ndinayang'ana njira ya ndegeyo pa mapu. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Ulendowu ndi wosintha ndege panjira, ndipo yachiwiri imanyamuka m'mawa, n'kudutsa pamwamba pa zilumba zathu zonse ziwiri. Zimakhala kumanzere.

Ndinatseka osasintha kanthu. Ndinakhomanso dirowa.

Lachinayi, 18 Juni

Wandidikira panja pa ofesi poweruka. Waonda, ndevu osameta. Tinayenda mpaka pokwerera basi, tinasiya mabasi atatu akudutsa.

Ndinkayembekezera kuti apempha pasipoti. Ndinali nditakonza mawu okana, ndi ena ovomera. Sanapemphe.

"Ukandiuza kuti ndisapite, sindipita. Isunge, ng'amba, chita nayo chimene ukufuna. Ukandiuza kuti ndipite, ndipita, undidikire. Iwe ndi amene unganene."

Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Akuganiza kuti wandipatsa mphatso. Nkhope yake inali yoona mtima, misozi ili lengelenge, ndipo ndinamukonda pomwepo.

"Wamva zimene wanena?"

"Ndati iwe ndi amene..."

"Kulikonse kuli bwino, eti?"

Sanamve. Ndikamuletsa, tsiku lililonse limene adzasowe ganyu adzandiyang'ana ine. Ndikamulola, ndine ndinamuthamangitsa. Chilumba ndisankhe ine, ulendo ndisankhe ine, ngakhale kundisiya komwe ndisankhe ine. Iye manja oyera.

"Ukufuna kupita kapena ayi? Yankha iweyo. Mawu amodzi."

Basi yachinayi inaima. Kondakitala anafunsa ngati tikukwera. Ndinadikira mpaka munthu wotsiriza atalowa. Wamagetsi wanga ankayang'ana nsapato zake.

Ndinakwera.

Lachisanu, 19 Juni

11:40 ndalembera Chachikulu, mzere umodzi wobweza chipinda. Kwa mayi wa Akamba ndinalemba ndi kufufuta kanayi. Mapeto ake ndangoti apereke nambala 9 kwa ena, zikomo chifukwa cha kukoma mtima. Wayankha pompo: "Pepani mwanangu." Sindinamuuze kanthu, wangodziwa. Mwina si ine woyamba.

Ndaimbira amayi kuti asiye kusita. Akuti iwo awauza okha azakhali kuti ukwati kulibe, ine ndisavutike.

Kenako nambala ya tikiti ija. Pa ndege yachiwiri ija mpando 14A unali wopanda munthu, pawindo, kumanzere, kutsogolo kwa phiko kuti lisatchinge. Pali ndi malo a miyendo. Ndadina. Ndamusankhiranso chakudya cha nsomba. Ndasindikiza pepala latsopano, kumbuyo kwake ndalemba ndi bolopeni: "Pakatha ola ndi theka mutanyamuka, yang'ana pansi. Chachikulu chiyamba kuoneka. Werenga mpaka 60, uona kadontho kobiriwira kozunguliridwa ndi mchenga woyera. Ndi chimenecho."

Mu envelopu: pasipoti, tikiti, mphete. Mphete inavuta kutuluka ngakhale ndaonda, ndinachita kupaka sopo wa ku toileti.

Alamu afika 2 koloko, maso ofiira. Agwira envelopu, amva chinthu cholimba pakona, andiyang'ana chala.

"Alamu..." Anaima, osadziwa ngati dzinalo likugwirabe ntchito. "Ndikamuuze chiyani?"

"Mukamuuze asatseke windo. Ena amatseka kuti agone."

Atuluka. Dirowa ndaisiya yotsegula, muli sitepula yokha. Pa mpando wa makasitomala pakhala kale achinyamata aja a Lolemba, agwirana manja, akuti agwirizana za nyanja, kodi pali chilumba chabwino chimene ndikuchidziwa?

Ndawapempha mapasipoti.