Fumbi la Jaguar ya Mayi Nuala

Lolemba, 3 Marichi

Mvula. Maphukusi tsiku lonse, msana ukuwawa. Koma lero ndakasiya katundu ku Citywest, pa galaja ya a Cathal amene amakonza galimoto zaliwiro zakalekale. Fungo la oyilo lija! Ndinaiwala kuti ndili pa ntchito. Ndawauza kuti kwathu ndinali makaniko ku Biwi, kuno kunja manja angosanduka onyamulira makatoni. Aseka, akuti: “Undipezere imodzi yobisika m'galaja ya munthu, ntchito ndikupatsa.” Mkazi wanga Towera akuti azungu amaseka ndi aliyense. Asiyeni, adzaona.

Lachinayi, 6 Marichi

Maso ali pa magalaja, manambala a nyumba ndikumaphonya. Kusuzumira m'ming'alu ya zitseko ngati wakuba. Njinga zophwa, firiji yakufa, mtengo wa Khirisimasi. Galu wandithamangitsa ku Tyrrelstown. Apolisi atandipeza ndinganene kuti chiyani?

Lachiwiri, 11 Marichi

Ndaipeza! Drumcondra, kanjira ka kuseri kwa nyumba. Mayi wina wachikulire, a Nuala, anandipempha ndiwaikire phukusi m'galaja. Kuseri kwa mipando yothyoka, mphuno yaitali ya galimoto. Jaguar E-Type, ya mipando iwiri. Ndi ya malemu amuna awo, chimwalirireni iwo sinayendepo. Fumbi lake, ngakhale mtundu sukudziwika. Akuti imangowadyera malo, wogula abwere. Ndaimbira a Cathal. Ali ku England, abwera pa 24. Kudya kwandikanika.

Loweruka, 22 Marichi

Mlendo salandiridwa pabwalo losasesa. Abwana ndingawaonetse bwanji galimoto yakuda chonchija? Ndapita ndi ndowa, sopo ndi nsanza. Mayi Nuala ali kwa mwana wawo, kiyi anandisiyira pansi pa mphika wa maluwa. Kutsuka tsiku lonse, madzi akuda bii. Kani ndi yobiriwira ngati masamba a tiyi! Pachitseko ndikuchita kudziona nkhope. Ndavina ndekha m'galaja, munthu wamkulu ine. Mkuja ntchito ndi yanga.

Lolemba, 24 Marichi

A Cathal afika ndi wojambula. Kungotsegula galaja, agwira kumutu. Fumbi lija ndilo amafuna. Akuti ndiwo umboni woti galimoto sinakhudzidwe. Amaijambula ili ndi ukonde wa akangaude, ogula n'kumalimbirana. Anthu ogula fumbi, ine ndikanadziwa bwanji? Manyazi.

Tili pomwepo, Mayi Nuala atulukira. Angoima, osaphethira. Kenaka atsegula chitseko cha kumanzere cha galimoto, akhala pampando, chikwama pamiyendo ngati ali paulendo. Patapita nthawi akuti: “Sindigulitsa.”

A Cathal achoka osanditsanzika. Ndalira m'vani ya maphukusi, ndisaname.

Lachisanu, 4 Epulo

A Cathal sakuyankha foni. Basi, yapita imeneyo. Makatoni omwe aja.

Lero phukusi la Mayi Nuala ku Drumcondra. Ndimati ndingoliika pakhomo n'kuthawa, koma anandiona pawindo. Tiyi, mabisiketi. Akuti tsiku lililonse amakakhalamo m'galimoto muja, chowapweteka n'chakuti ili chete. Amuna awo akamabwera ankaimvera kutali. Kenaka: “Kodi ungailize?”

Andionetsa bokosi la masipanala a malemu. Onse alimo, okulungidwa m'nsanza. Ndagwira imodzi, ndavomera.

Towera akufunsa ngati andilipira. Sindinafunse. Akuti kubadwa kwanga n'komweko, koma wandipezera ovolosi pansi pa sutikesi. Yathina pamimba. Zilibe kanthu. Mawa m'mawa ndiyamba n'kumasula mapulagi a injini, ndithire oyilo pang'ono m'mabowo mwake, ndidikire, kenaka ndiyese kupukusa injini ndi dzanja. Ikangotembenuka, ndiye kuti ilira.