Nkhope Yanu pa Makina a Fotokope

Thyolo Boma,
Julaye 2004

Amayi,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno chiperoni chatigwira sabata yonse. Phiri silikuoneka, ndipo mapepala m'kashopu kanga ka fotokope agwira chinyezi moti makina akungowatafuna. Munkati nyengo yotere tiyi amaseka, omuthyola akulira.

Ndiyambe ndi za kumudzi. Kwa achemwali a Maligita ku Khonjeni nandolo wachita bwino, kalongonda nayenso wayanga mpaka pa mpanda. Nthochi zanu za kuseri kwa nyumba zija ndizo zikufota, sitikudziwa chazilowa. Mpongozi wanu ali bwino. Mwana amene munamusiya ali m'mimba uja anabadwa wamkazi, tinamutcha Elube, dzina lanu. Pano akulankhula ngati wailesi. Sanatengere ine.

Mwezi wamawa tikumanga chiliza chanu, ndipo n'chifukwa chake ndakhala pansi kukulemberani. Amalume anandiitana n'kunena kuti, "Iwe uli ndi makina. Aliyense wobwera abwerere ndi chithunzi cha mlongo wanga." Ndinavomera msanga, mantha anandipeza panjira. Chithunzi chanu tili nacho chimodzi chokha, chija anakujambulani wojambula woyendayenda muli m'munda wa tiyi, dengu kumsana. Munachimata ndi phala la chinangwa mkati mwa chikuto cha buku lanu la nyimbo. Chikutocho chinapindika ndi chinyezi, sichikanagona bwino pa galasi la makina. Ndinayenera kumatula chithunzicho, ndipo chikanang'ambika, nkhope yanu ikanatithera pomwepo.

Pa ntchito yanga yomanga mabuku ndimagwiritsa ntchito guluu woyera wa m'chitini. Pachitinipo analembapo nambala ya patenti, ndiko kuti chikalata chonena kuti nzeru imeneyi ili ndi mwini wake, wina asaibe. Kumbuyo kwa makina a fotokope kulinso manambala otere mndandanda. Makasitomala akasowa ndimakhala n'kumawayang'ana, kuganizira anthu amene anakhala zaka akuyesa, kulephera, kuyesanso. Ndili ku yunivesite ku Zomba ndinkalota kuti tsiku lina dzina langa lidzakhala pa chitini chotere. Lero ndimakopa masatifiketi a anthu ena. Sindikudandaula, Amayi. Kungoti nthawi zina ndimadzifunsa ngati thukuta lanu linagula chinthu choyenera.

Guluu wa m'chitini akagwira wagwira, ukafuna kumatula pepala limang'ambika. Phala la chinangwa lokha limamvera nthunzi. Ndinawiritsa madzi m'ketulo, n'kugwira chikutocho pamwamba pake. Ndinakumbukira zimene munkanena pophika kalongonda, kuti wopupuluma amadyetsa ana chiphe. Ndinadikira. Pang'onopang'ono chithunzi chinayamba kudzuka chokha. Kangodya kamodzi kanatsalira pa buku, koma kanali ka mtambo chabe.

Nditachiika pa galasi n'kudina, pepala linatuluka lofunda. Munda unaoneka bwino, mizere ya tiyi, dengu, duku, ngakhale dzanja lanu lili m'chiuno. Koma nkhope kunalibe. Panali mdima wokhawokha ngati pansi pa mphika. Ndinakhala pansi kaye.

Makinawa amagwira ntchito motere, Amayi. Amawalitsa nyali pa pepala. Poyera kuwala kumabwerera, pakuda sikubwerera, ndipo pamenepo amawazapo ufa wakuda n'kuusungunula ndi moto kuti umatirire. Za pakatikati sazidziwa bwino. Inu munali mbee pang'ono pomwe, komanso duku linakuphimbani ndi mthunzi, ndiye makina anangoti apa m'pakuda, n'kuthirapo ufa wonse. Sindikudziwa ngati amene anawapanga anayesapo pa nkhope ya mayi wothyola tiyi dzuwa lili paliwombo.

Pali batani lochepetsa ufa. Ndinadina kamodzi, n'kudinanso, mpaka pothera. Maso anu anatuluka. Kenako mphini za pa tsaya, ndi kampata ka mano kaja. Ndinaseka ndekha m'shopu. Koma nditayang'anitsitsa ndinaona kuti munda wapita. Tiyi wafufutika, dengu latsala ngati utsi. Munangoima pa pepala loyera, opanda chonyamula.

Loweruka ndinatenga mapepala awiriwo kupita nawo ku Khonjeni, ine ndi Elube. A Maligita atangoona loyeralo anati, "Achimwene, dengu mwalisiya kuti? Awa ndi adona a ku Blantyre, si amayi athu ayi." Amalume anati, "Iwe Maligita, musiye apume. Wasenza moyo wonse, ukufuna asenzenso ndi pa pepala pomwe?" Achemwali anayankha kuti dengulo ndilo linatidyetsa, ndipo kulibisa kuli ngati kuchita nalo manyazi. Amalume anabweza monyogodola kuti ndiye tigawire anthu chithunzi cha dengu, mwini wake tisamuonetse. Atatopa onse anatembenukira kwa ine: "Wa ku yunivesite, gamula." Mukundidziwa, Amayi. Aliyense akalankhula ndimaona kuti akunena zoona.

Mapepalawo anali pa mkeka, ndipo Elube anawakokera kwa iye. Sanakuoneni chibadwire. Anatenga lakuda lija, n'kuloza dzanja la m'chiuno, n'kuti, "Azakhali akukalipa!" A Maligita anali ataima chomwecho nthawi yomweyo, dzanja m'chiuno. Anatsitsa dzanja msanga, amalume akugubuduka ndi phwete. Kenako mwanayo anatenga loyera lija, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kundiyang'ana ine. Anati, "Adadi avala duku."

Palibe anasekanso kwambiri. Achemwali anapukuta maso ndi chitenje. Ine sindinkadziwa kuti nkhope imene ndinkaisaka m'makina ija ndimayenda nayo.

Ndiye ndagamula, ndipo ulendo uno sindikukayika. Zithunzi ziwirizo zikhala pa pepala limodzi, moyandikana. Wofuna munda aone munda, wofuna maso anu aone maso anu. Ndikungodikira chiperoni chichoke kuti mapepala aume.

Chithunzi chenichenicho ndichibwezera m'buku lanu la nyimbo, pamalo pake, kangodya kakumane ndi mtambo wake. Sindithirapo guluu wa m'chitini. Ndapempha ufa wa chinangwa kwa achemwali, ndiphika phala lake, ndipo bukulo ndizilisunga potalikirana ndi mphemvu. Penapake pali munthu amene akuyesa kupanga makina oona bwino kuposa angawa. Makinawo akadzafika kuno ku Thyolo, ndikulonjeza kuti ndidzamuphunzitsa Elube kudikira pa nthunzi ya ketulo, kuti adzakumatuleni yekha, akuoneni nonse athunthu, nkhope ndi dengu lomwe.

Ndimakukondani, Amayi. Pumani.

Ndine mwana wanu,
Lameki