Nkhuku Imene Sidiki Sanazinge

Chipoka, Salima
15 Seputembala 2024

Okondedwa achemwali anga a Eveles,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ku Joniko. Ife kuno tili bwino, kungoti mlamu wanu Tiwonge akudandaulabe msana, ndipo kutentha kwayamba kale ngati Okutobala wafika. Usipa umene wabwera ndi kalatayi ndi wofutsa, musausunge nthawi yaitali.

Kawiri konse mwandifunsa pa foni chifukwa chimene sindikutchuliranso Sidiki, ndipo kawiri konse ndinanamizira netiweki. Netiweki inalibe mlandu. Nkhaniyi inandikanika kuinena pakamwa, ndiye ndati ndiilembe, poti pepala silindiyang'ana m'maso.

Mukudziwa kuti chindichotsereni ntchito yophika ku loji ija ya ku Senga Bay, manja anga ankasowa chochita. Ndiye ndinayamba kuti Loweruka lililonse masana, anzanga akabwera kudzasewera bawo kuseri kwa nyumba, ndiziwakonzera masangweji. Ndi anthu atatu okha: Luka telala uja, Limbani wophunzitsa ku pulayimale, ndi Sidiki. Tsiku loyamba Luka anaitembenuza sangweji uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Aise, ndiwo wazibisa m'buledi ngati zakuba bwanji?" Lero ndi yemweyo amene amafika woyamba, ndipo amanyambita zala.

Musandiseke, koma ndimaikapo mtima. Buledi ndimagula wa m'mawa womwewo, n'kumuwotcha pang'ono pa chiwaya ndi majarini kuti asanyowe. Peyala ndimalinyenya ndi foloko, kufinyiramo ndimu, kuthira mchere ndi kambuzi pang'ono. Tomato ndimachotsa njere, anyezi ndimaviika kaye m'madzi a mchere kuti ukali uchepe. Pamwamba pake ndimaika nkhuku yowotcha yoduladula, koma iyenera kuzizira kaye. Mukaika yotentha, buledi amasanduka phala.

Nkhukuyo nthawi zonse ankazinga ndi Sidiki, poti iye ndi Msilamu, sangadye yopha ine. Kwa inu izi si zachilendo. Mukukumbuka kuti mayi ankatituma kukaitana bambo ake a Sidiki kuti adzazinge ngakhale pa Khirisimasi, kuti mwana wa anansi asakhale pambali ife tikudya.

Loweruka lina mu Julayi, Sidiki anachedwa kudoko ndi injini ya boti imene ankakonza. Foni osayankha, dzuwa likukwera. Ine ndinali nditawalonjeza anzangawo msuzi watsopano wa adyo ndi mayonezi wopanga ndekha, ndipo ndinkafuna andiyamikire. Ndinatenga mpeni n'kukaipha ndekha kuseri kwa bafa.

Atafika, akusamba m'manja, anangofunsa kuti, "Wakuzingira ndani lero?"

"Ndinapita nayo kubutchala kwa Asilamu anzako," ndinatero ine, osaphethira n'komwe.

Anati Bisimilahi, nadya atatu. Atamaliza anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Lameck, loji ija inataya munthu." Achemwali, mawu amenewo ndinawalakalaka chaka chathunthu, koma tsiku limenelo sanandikomere.

Bodza lilibe mwendo. Tiwonge sankadziwa kuti ndinanama, ndiye anakafotokozera mkazi wa Sidiki kumjigo, uku akuseka, mmene nkhuku yodulidwa khosi inandipulumukira n'kundiwaza magazi malaya onse. Loweruka lotsatira mpando wa Sidiki unakhala wopanda munthu, ndipo zinapitirira choncho masabata asanu ndi awiri. Tikakumana kumsika ankandipatsa moni wa manja awiri ngati ndine bwana wochokera kuboma, ine munthu amene tinkasambira limodzi tili mbulanda. Kukanakhala bwino akanangonditukwana.

Ndinayesa nzeru zanga za kukhitchini. Ndinati nsomba sizingidwa, ndiye ndinakazinga chambo, kuchotsa minga imodziimodzi, kuika kabichi wodula bwino ndi ndimu, n'kukamusiyira masangwejiwo pamene amakonzera mainjini iye atachokapo. Madzulo kontena inabwerera yosatsegula. Tiwonge anaiyang'ana, kenako anayang'ana ine.

"Inu bambo a Hope, munthu mwamulakwira ndi pakamwa, ndiye mukufuna kumupepesa ndi buledi?"

Zinandipweteka chifukwa zinali zoona. Ndinakhala masiku angapo ndikumukwiyira mkazi wanga pa mlandu wa ine mwini.

Lachitatu lapitali ndinagula tambala wamoyo, kumukwapatira m'khwapa, ulendo wa kudoko dzuwa lili paliwombo. Ndinamupeza Sidiki manja ali bii ndi oyilo, asodzi atatu akudikira injini yawo. Ndinaganiza zomuitanira pambali, koma ndinaona kuti bodza lija ndinalinena pa anthu.

"Sidiki, nkhuku ija ndinapha ndine. Ndinakunamiza. Undikhululukire."

Anapitiriza kumanga nati kwa kanthawi, ine nditangoima ndi tambala wanga ngati wogulitsa. Kenako anaika sipanala pansi.

"Za nkhukuyo ndinafunsa a Shehe, anati wodya mosadziwa alibe tchimo. Zimenezo zinatha kalekale. Koma iwe Lameck, ukanandiuza, bwenzi nditadya ya peyala ndi dzira n'kukhuta bwinobwino. Wallahi, chimene chikundiwawa n'chakuti unaona chipembedzo changa kuti n'chaching'ono kuposa msuzi wako."

Ndinamuika pansi tambala uja, miyendo yomanga, n'kubwerera. Ndikuuzeni zoona, ndinadzera njira ya kunjanji kuti anthu asandione maso, bambo wamkulu wa imvi ngati ine.

Dzulo m'mawa ndikusenda anyezi pakhonde, ndinamva "Odi!" Anali Sidiki, beseni lili m'manja, muli tambala uja wozinga ndi wososola kale. Analiika pansi n'kunena kuti, "Adyo usachulutse ngati tsiku lija." Basi, anatembenuka n'kumapita.

Chiyambireni kuphika sindinawotchepo nkhuku mosamala ngati dzulo. Masana anabweradi. Luka ndi Limbani, amene pakamwa pawo sipatsekeka, anangomusunthira mpando. Sindikunamizani kuti zonse zabwerera mwakale. Sanaseke kwambiri, anadya imodzi ndi theka basi, ndipo pa bawo anandidya nkhomo zonse mopanda chisoni. Koma anzathu aja atapita iye anatsalira, ine ndikutsuka mbale iye akupukuta, tikukamba za mtengo wa petulo. Mtima wanga wakhala pansi, achemwali, ndipo ndili ndi chikhulupiriro kuti pang'onopang'ono tifika.

Pempho langa ndi limodzi. Mukapeza munthu wobwera kuno, munditumizireko mpeni wodulira buledi, uja wa manomano. Umene ndili nawowu umangomuphwanya, ndipo Luka akuti zigawo zanga zimatuluka zokhota ngati siketi yosoka wophunzira.

Tiwonge akupereka moni, ndipo akuti musaiwale mankhwala opaka a msana aja. Hope wakhoza bwino mayeso, akuti ndikuuzeni inu azakhali ake. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Ndiye pali moni wina umene ndausunga kumapeto. Dzulo pochoka, Sidiki atafika kale pampanda, anabwerera n'kunena kuti, "Ukamawalembera achemwali athu, uwauze kuti ndilipo." Sanati achemwali ako, anati athu. Ndiye ndakuuzani.

Ndine mlongo wanu,
Lameck